Foni m'kathumba, nsomba za mbuna pachithunzi: kajambulidwe ka pansi pa madzi ku Nkhata Bay

Tsiku langa loyamba kulowetsa foni m'nyanja linali la anakubala, pa 15 Okutobala, tsiku limene Mzuzu yense amakhala ngati wasamukira kugombe la Chikale, ku Nkhata Bay. Kathumba kapulasitiki kosalowa madzi ndinali nditagula dzulo lake m'tauni, ndipo ndinakatulutsa m'pepala lake tili kale m'minibasi. Tsiku lonse ndinali m'madzi, kudina, kudinanso, mpaka zala kuchita makwinya. Madzulo, galimoto ikulira pazitunda pobwerera, mlamu wanga anandigwira paphewa.

"Alamu, tationetsani nsomba zija."

Ndinatsegula. Chithunzi choyamba, chifunga. Chachiwiri, chifunga chokhala ndi mwendo wa munthu. Penapake chala changa, penapake mchira wa nsomba ikutuluka m'chithunzi. Mlamuyo anayang'anitsitsa, n'kunena kuti ndikanangojambula chifunga cha msewu wa ku Katoto ku Mzuzu m'mawa wa mu Juni, ndalama ya thiransipoti ikanapulumuka.

Foni sinalowe madzi tsiku limenelo, koma unali mwayi chabe, chifukwa kathumbako sindinakayese n'komwe. Kuchokera pamenepo ndatsikira kunyanja kambirimbiri. Chimene ndaona n'chakuti ntchito yaikulu imagwiridwa kunyumba konkuno, ndi ndowa ya madzi, ndipo zithunzi zabwino zimapezeka m'madzi olekeza m'chiuno, osati kwakuya kumene anthu amathamangirako.

Pogula

Mitundu ilipo iwiri. Woyamba ndi kathumba kofewa, koonekera mbali zonse ziwiri, kokhala ndi chingwe chokoleka m'khosi ndi zotsekera ziwiri kapena zitatu kukamwa kwake. Ndi kamene ambirife timakwanitsa, ndipo nkhani ino ikukamba za iko. Wachiwiri ndi chibokosi cholimba, cha mphira m'mphepete ndi mabatani akeake. Chimapita kwakuya, chithunzi chake chimayera bwino, koma mtengo wake nthawi zina umapikisana ndi wa foni imene. Ngati simukuganiza zophunzira kubira ndi botolo la mpweya kumsana, chisiyeni.

Papaketi yang'anani chizindikiro cha IPX8. Nambala yomalizayo ndiyo imanena za madzi. Ikakhala 7, chinthucho chinayesedwa pa kuya kwa mita imodzi kwa mphindi 30. Ikakhala 8, chinayesedwa kupitirira mita imodzi, pa mulingo umene wopangayo wasankha yekha. X akungotanthauza kuti za fumbi sanayese. Ena amalemba papaketi kuti mamita 20, ena 30. Ine nambala imeneyo ndimaimva ngati mmene ndimamvera kondakitala akamati watsala munthu mmodzi tinyamuke.

Pogula mupite ndi foni yanu. Ivuleni kava, muilowetse momwemo pamaso pa wogulitsa. Izilowa mosakakamiza, ndipo diso la kamera ligwere papulasitiki yoonekera, osati pamkombero wa mtunduwo. Mafoni a masiku ano ali ndi makamera otumphuka kumsana, ndipo timatumba tina tinasokedwa poganizira mafoni akale. Kwezani kathumbako kudzuwa: pulasitiki yotuwa kapena yokandika idzaika zipsera zake pachithunzi chilichonse. Yendetsani chala m'misoko yonse, makamaka m'makona a pafupi ndi kukamwa, chifukwa ndi pamene pamayambira kung'ambika.

Wina anena kuti, "Yanga ndi ya IP68, kathumba n'kachiyani?" N'zoona kuti mafoni ena a Samsung amayesedwa pa mita imodzi ndi theka kwa mphindi 30, ndipo ma iPhone kuyambira pa 12 amayesedwa pa mamita 6. Koma amayesa foni yatsopano, m'madzi odekha a m'fakitale. Yanu inagwapo kangati? Ngati munaigula yogwiritsidwa kale ntchito, kapena inasinthidwapo sikirini kapena batire, guluu amene amatchinga madzi uja anachoka kalekale. Ndipo makampani omwewo salandira foni yolowa madzi pa waranti. Mafoni otsika mtengo amene ambirife tili nawo, ambiri mwa iwo sanapangidwe kuti amizidwe ngakhale pang'ono.

Ndowa, tishu ndi mwala

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo n'pamene anthu amadumpha.

Kutatsala masiku awiri kapena atatu kuti munyamuke, tengani tishu youma, muipinde kuti ikhale ngati kukula kwa foni, muiike m'kathumba. Tsekani bwinobwino monga mmene mudzatsekere kunyanja. Dzazani ndowa yaikulu kapena mgolo, mumize kathumbako ndi kukapsinja ndi mwala wosalala kuti kasayandame. Kasiyeni mphindi 30. Ine ndimasiya ola lathunthu. Musakasiye kali phee nthawi yonseyo. Pakatipakati lowetsani dzanja, mukafinye pang'ono, mukapinde, mukagwedeze, chifukwa m'nyanja simudzakagwira ngati dzira. Mukafinya n'kuona timathovu tikutuluka motsatizana pamalo amodzi, nkhani yatha, pamenepo pali bowo.

Potulutsa, pukutani kunja konse ndi nsalu mpaka kuume, makamaka kukamwa, kenako mutsegule kukamwako kutaloza pansi. Mukatsegula kutaloza kumwamba, madontho otsalira m'zotsekera amagwera mkati ndipo mudzanamizira kathumba kosalakwa. Tishu ikhale youma ngati mmene munaiikira. Kadontho kamodzi kokha, musanyengerere, musamatepo selotepi, kagwiritseni ntchito ina.

Chifukwa chonenera masiku awiri kapena atatu n'chakuti ngati kalephera, mukhale ndi nthawi yobwerera kukasintha. Ndipo kuyesaku si kwa tsiku logula lokha. Ulendo uliwonse, ndowa. Pulasitiki imauma ikakhalitsa, ndipo kathumba kamene kanapambana pa Khirisimasi kakhoza kukugwetsani m'mavuto pa Isitala.

Kakapambana, ikanimo foni, mubwerere kundowa komweko kukaphunzira. Ponyani supuni kapena chitsekerero cha botolo pansi, muyese kujambula. Mudzazindikira pompo chinthu chimene ine ndinachizindikira mochedwa ku Chikale: pansi pa madzi sikirini simva chala. Sikirini imagwira ntchito pomva timagetsi tochepa ta m'thupi mwathu, ndipo madzi amaisokoneza. Nthawi zina simva kalikonse, nthawi zina imadzidina yokha, kamera n'kutembenukira kunkhope kwanu inu mukuganiza kuti mukujambula nsomba. Njira yake ndi batani la voliyumu. Pa mafoni ambiri, kamera ikakhala yotsegula, batanili limajambula chithunzi. Ngati lanu silitero, lowani m'masetingi a kamera mulisinthe. Yesaninso kulidina osalisiya, muone chimene foni yanu imachita, chifukwa ena amayamba vidiyo, ena amajambula zithunzi zambiri motsatizana. Zala zanu zidziwe pamene pali batanilo musanafike pamafunde.

Usiku woti mawa ndi ulendo

Chitani ngati foniyo sibwerako. Zithunzi za ana, manambala a anthu, zonse zofunika zisungeni kwina, kaya pa kompyuta kaya pa akaunti yanu ya Google. Ine ndimachotsanso simu. Simu siiopa madzi kwenikweni, koma foni ikatsikira pansi pa nyanja imapita nayo limodzi, ndipo mudzapezeka muli ku Nkhata Bay opanda Airtel Money, opanda Mpamba, opanda wom'imbira. Ndimaiika m'kafoni ka mabatani kamene kamatsala m'chikwama kumtunda.

Tchajani batire idzaze, magetsi asanakuthawireni. Fufutani mavidiyo a m'magulu a WhatsApp kuti mupeze malo, chifukwa vidiyo imadya malo kwambiri. Chotsani loko ya chala, popeza kudzera m'pulasitiki yonyowa siigwira. Sikirini muiuze kuti isamazime msanga, mphindi 10 kapena kuposa, ndipo kuwala kwake mukukweze. Fulashi muizimitsiretu, osati kuisiya kuti izidzisankhira yokha: kuwala kwake kumagunda papulasitiki n'kubwerera m'diso la kamera, ndipo kotsalako kumawalitsa tizinyalala tonse toyandama m'madzi, chithunzi n'kukhala ngati munajambula m'chigayo.

Funani timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano ndi m'zikwama. Tiwiri tating'ono takwana. Ngati takhalitsa, tiyanikeni padzuwa. Tengani kansalu kofewa kopukutira, botolo la pulasitiki lopanda kanthu la theka la lita, ndi magalasi osambirira. Magalasiwa musawaone ngati zachizungu. Popanda iwo mumajambula mwakhungu, ndipo theka la chisangalalo, kuona nsombazo ndi maso anu, mwaliphonya.

Kutseka

Chifunga chimene chinandiwonongera zithunzi sichinali m'nyanja, chinali m'kathumba. Mzuzu ali pamwamba, mamita oposa 1,200 kuchokera pamulingo wa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ili pamamita osakwana 500. Pamakilomita pafupifupi 50 okha mumachoka kozizira n'kufika kotentha ndi kwachinyezi, juzi ija n'kukhala katundu. Foni imatentha m'thumba, imatenthanso padzuwa. Mukaitsekera pamodzi ndi mpweya wofunda wachinyeziwo n'kuimiza m'madzi ozizirirapo, nthunzi imasanduka mame mkati mwa pulasitiki, monga zimachitikira pabotolo la Fanta wochokera m'firiji, kungoti apa mamewo ali mbali imene simungapukute.

Choncho tsekerani pamthunzi, foni itazizira, manja ali ouma. Osatsekera pamchenga. Khalani pakhonde, m'galimoto, kapena yalani chitenje. Pukutani diso la kamera ndi pulasitiki mkati ndi kunja. Ngati mwadzola mafuta, sambani m'manja kaye; chala chimodzi chamafuta papulasitiki chimaononga zithunzi za tsiku lonse. Lowetsani foni, kamera italoza kumbali yoyera bwino, timapaketi tija mutiike kumunsi kutali ndi kamera. Lowetsani pa airplane mode, popeza m'madzi mulibe netiweki ndipo foni imangotha batire poifunafuna. Tsegulani kamera musanatseke.

Tsopano yang'anitsitsani kukamwa kwa kathumba. Kamchenga kamodzi, tsitsi limodzi, kaulusi ka thawulo, n'zokwanira kutsegulira madzi njira. Pitirizani chala, uzirani, yang'ananinso. Finyani mpweya utuluke kuti pulasitiki imamatire padiso la kamera, chifukwa mpata ukakhalapo chithunzi chimachita mbuu. Kenako tsekani zotsekera zonse mpaka zimveke kuti zagwira, ndi kukoka pang'ono kuti mutsimikize.

Kuchotsa mpweya kuli ndi mtengo wake: kathumba kopanda mpweya sikayandama. Ndiye ntchito ya botolo lija. Litsekeni zolimba, mulimangirire kuchingwe cha kathumba ndi kachingwe kena kotalika ngati mkono. Chingwe chenichenicho ine ndimachizunguliza padzanja kawiri, sindichikoleka m'khosi, chifukwa posambira chimavuka mosazindikira komanso chikhoza kukola pamwala. Kakolowekedwe ka chingwe pa timatumba totchipa n'kosadalirika. Mangani mfundo yanuyanu.

Musanapite patali, imani m'madzi a m'mawondo, mumize kathumba kwa masekondi angapo, mukatulutse, muone. Kenako mphindi imodzi, muonenso.

Kuti, ndipo liti

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko, ndipo zokongola kwambiri mwa izo zili m'mphepete momwemu. Ndi mbuna, dzina lochokera kwa Atonga eni nyanja. N'zazing'ono ngati chala kapena chikhatho, zabuluu zamizeremizere, zachikasu, zina zamawangamawanga. Zimakhala m'miyala, kumadya ndere zomera pamatanthwe. Mawu ofunika ndi amenewo: m'miyala. Pakati pa mchenga wa Chikale, pamene pali chinamtindi cha anthu ndi nyimbo, mudzajambula miyendo ndi mchenga wovunduka. Yendani kumapeto kwa gombe kumene kwayambira matanthwe. Nkhata Bay ndi dalitso pa nkhaniyi chifukwa gombe lake lambiri ndi lamiyala. Ku Chintheche ndi ku Kande mchenga ndi wochuluka, wabwino kujambula ana akusewera, koma nsomba muzifune pamene pali miyala. Amene ali ndi masiku okwanira akwere Ilala apite ku Likoma kapena ku Chizumulu, madzi ake ndi oyera mochititsa kaso.

Nyengo nayo ili ndi mawu. M'dzinja mitsinje imatsitsira matope m'nyanja, ndipo dera la Nkhata Bay limalandira mvula yambiri, choncho pafupi ndi gombe madzi amada. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mafunde amakula, madzi amazizira. Miyezi ya Sepitembala, Okutobala ndi Novembala ndiyo ine ndimaikonda: madzi oyera, ofunda, dzuwa lamphamvu. Pa tsikulo, fikani m'mawa. Nthawi zambiri nyanja imakhala bata m'mawa, ndipo kuwala kumalowa bwino m'madzi dzuwa likakwera, kuyambira cha m'ma 9 koloko mpaka cha m'ma 2 masana. Amene amanyamuka ku Mzuzu atadya nsima ya masana amapeza anzawo atavundula kale madzi. Ndipo ngati cholinga chanu ndi nsomba, tsiku la anakubala si tsiku lake.

M'madzimo

Lamulo loyamba, sendererani. Lachiwiri, sendereraninso. Madzi, ngakhale oyera chotani, ali ndi tinthu toyandama, ndipo mita iliyonse pakati pa inu ndi nsomba ikuwonjezera chifunga. Komanso madzi amameza mitundu ya kuwala. Wofiira ndiwo umayamba kutha, ndipo pofika mamita 5 umakhala utatsala pang'ono kutheratu. Kenako wachikasu umafooka, n'kutsala wobiriwira ndi wabuluu. N'chifukwa chake zithunzi za kwakuya zimaoneka ngati munaziviika m'madzi a chisoso. Pamtunda wosapitirira mkono umodzi, m'madzi osapitirira mita imodzi kapena iwiri, mitundu yonse ilipo. Dziwaninso kuti pansi pa madzi zinthu zimaoneka zazikulu ndi zapafupi kuposa mmene zilili, choncho pamene mukuganiza kuti mwafika, mwatsala.

Zoom musaigwire. Simukuyandikitsa nsomba, mukungokulitsa chifunga. Ngati foni yanu ili ndi kamera yotambalala ija ya 0.5, iyeseni, imathandiza mukakhala pafupi kwambiri ndi thanthwe, koma onetsetsani kuti m'makona simukuoneka mkombero wa kathumba.

Dzuwa likhale kumsana kwanu, koma chithunzithunzi chanu chisagwere pansomba. Ndipo musajambule kuchokera pamwamba. Munthu akaima n'kulozetsa foni pansi, amapeza misana ya nsomba yofanana ndi mwala. Tsitsani foni ifike pamsinkhu wa nsombayo, muione cham'mbali, diso lake lioneke. Mukalozetsa m'mwamba pang'ono, kumbuyo kwake kumabwera madzi owala ndi mizere ya dzuwa, ndipo chithunzi chimadzuka.

Tsono chinsinsi chenicheni cha mbuna ndi ichi. Yaimuna imakhala ndi malo ake, kamphanga kapena kachigawo ka mwala, ndipo imawalondera ngati mwini munda. Ikathamangitsa inzake imabwerera pomwepo. Mukaithamangitsa inu, mudzajambula mchira. Ndiye sankhani mwala umodzi, mupeze poima kapena pogwira, muone kwa mphindi ziwiri zitatu kuti ndi nsomba iti imene ikubwerera pamalo ati. Lozetsani foni pamalopo, mugwire ndi manja awiri, zigongono zitatsamira, ndipo mudikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Poyamba zimabalalika, kenako zimakuiwalani, zina mpaka kubwera kudzajompha pulasitiki kapena tsitsi la m'miyendo.

Tsiku lina ndili chiimire chotero m'madzi a m'chifuwa, ndinaona nsomba yotuwa, yosakongola n'komwe, itazunguliridwa ndi kamtambo ka tiana tating'ono ngati mpunga. Nditasuntha phazi, inatsegula kukamwa, tiana tonse n'kuthamangiramo, iyo n'kutseka, masaya ali tu. Nsomba zambiri za mtundu umenewu m'nyanja yathu zimalera chotero, mazira ndi ana m'kamwa mwa mayi. Chithunzi sichikanagwira zimenezo. Chinandipulumutsa n'chakuti ndinali pa vidiyo.

Ndipo pa foni ya m'kathumba, vidiyo ndiyo njira yosavuta. Iyambitseni foni ili kunja kwa madzi, mumize pang'onopang'ono, muwerenge mpaka 15 kapena 20 osagwedeza, mutulutse, muimitse. Sankhani mulingo wapamwamba umene foni yanu ingathe, kuti kunyumba mudzathe kuimitsa vidiyoyo pamalo abwino n'kutengapo chithunzi. Timavidiyo tifupitifupi tambiri n'tabwino kuposa imodzi ya mphindi 10 imene palibe adzaionere mpaka kumapeto. Musamayendetse foni uku ndi uku ngati tochi. Isiyeni malo amodzi, nsomba ndizo ziziyenda.

Mukamiza, timathovu timakonda kumatirira papulasitiki patsogolo pa kamera. Pitirizanipo chala muli m'madzi momwemo. Mapazi nawo asamavundule pansi, makamaka ngati mafunde akukankhira mchengawo kumene mukujambula. Anyamata ena a m'mphepete adzakuuzani kuti mufumbate buledi, nsomba zibwera. Zimabweradi, gulu, koma nyenyeswa zimadzaza madzi ndipo chithunzi chimakhala chipwirikiti. Ine ndinasiya, komanso buledi si chakudya chawo.

Za anthu n'zosavuta. Mwana kapena mnzanu akhale pamtunda wa mkono umodzi kapena iwiri, nkhope italoza kudzuwa, avale zowala, zofiira kapena zachikasu. Muwerengere limodzi, mumire limodzi, atulutse mpweya pang'ono m'mphuno kuti masaya asatupe. Chithunzi chija cha theka kumwamba theka m'madzi n'chovuta ndi diso laling'ono la foni. Chiyeseni pa vidiyo m'mawa nyanja ili bata, mwina pa masekondi 20 mudzapezapo kamphindi kamodzi kabwino. Koma kamera yanu isalowerere anthu osawadziwa. Kunyanja ndi kubafa kwa eni mudzi, amayi amachapa ndi kusamba pamenepo, ndipo foni yomizidwa pafupi ndi anthu akusambira ikhoza kukuputirani mlandu umene simunauganizire. Asodzi ndi maukonde awo, pemphani kaye.

Pakati pa zonsezi muziyang'ana kathumba. Mukaona dontho mkati, tulukani pompo, kamera ili m'mwamba. Mukapuma kumtunda, musakasiye padzuwa. Foni yotsekeredwa m'pulasitiki imatentha msanga mpaka kamera kukana kutseguka. Kaphimbeni ndi thawulo pamthunzi.

Moyo wanu

Gombe la Nkhata Bay limatsetsereka mwadzidzidzi. Pano madzi ali m'chiuno, masitepe atatu kutsogolo phazi silipeza pansi, ndipo malo akuya kwambiri a nyanja yonse, mamita oposa 700, ali kumpoto komwe kuno. Munthu amene maso ake ali pasikirini saona kumene mafunde akumutengera. Ambiri a ife okulira kumtunda kusambira kwathu n'kwa padamu, tisadzinamize. Ngati simudziwa bwino, khalani poti mwaima, kapena valani jekete yoyandamitsa, ndipo pakhale wina kumtunda amene ntchito yake ndi kukuyang'anani inu, osati foni yake. Mowa ndi kujambula m'madzi siziyendera limodzi. Foni ikapulumuka n'kumatsikira kwakuya, isiyeni ipite.

Funsani eni dera za malo amene mukufuna kulowa. Safunsa anadya phula. Pamathiriro a mitsinje ndi m'mabango ndi malo a ng'ona ndi mvuu, ndipo madzulo kukamada si nthawi yokhala m'madzi. Mverani injini za maboti, chifukwa woyendetsa saona mutu wa munthu woweramira m'madzi. Palinso likodzo, limene tizilombo take timachokera m'nkhono za m'madzi odekha, makamaka a zomera ndi pafupi ndi midzi. Pakatha masabata 6 mpaka 8 chibwerereni kunyanja, pitani kuchipatala mukawauze kuti munasambira. Mankhwala ake, praziquantel, amagwira bwino nyongolotsi zikakhwima, n'chifukwa chake kumwa tsiku lobwerera sikuthandiza. Mukaona magazi mumkodzo musadikire masabatawo.

Potuluka

Ngozi zambiri zimachitikira kumtunda, munthu atapupuluma kuti aone zithunzi. Tsukuluzani kathumba ndi madzi oyera kuti mchenga uchoke, pukutani kunja konse, pukutani manja anu, dikirani tsitsi lisiye kudontha, ndipo mutsegule kukamwa kutaloza pansi monga munachitira kundowa. Ndipo musamatsegule-tsegule masana onse. Kutsegula kulikonse pagombe ndi mwayi wa mchenga.

Mlamu wanga yemwe uja anaphunzira zimenezi ulendo wotsatira. Anatsegula kuti ayankhe foni, anatseka mofulumira ali pamchenga, n'kubwerera m'madzi. Patapita mphindi zochepa anatuluka atanyamula kathumba m'mwamba, foni ikusambira mkati ngati usipa m'jumbo. Kufika kunyumba anaikwirira mumpunga wa Kilombero umene mlongo wanga ankasungira alendo, ndipo m'mawa mwake anaiika patchaja kuti aone ngati yadzuka. Tchajayo ndiyo inamaliza.

Zikakuchitikirani, izimitseni nthawi yomweyo ndipo musaiyatse kuti muone ngati ikugwira. Chotsani kathireyi ka simu, ipukuteni, igwedezeni pang'ono potchajira pataloza pansi. Musaitchaje, musaiyanike padzuwa, musaiyandikize kumbaula. Mpunga suyamwa madzi amene ali mkati, umangolowetsa fumbi m'mabowo. Ngakhale kampani ya Apple imaletsa. Isiyeni pamalo opita mphepo, ndipo mukafika ku Mzuzu mupite nayo kwa wokonza mafoni tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake kuti aitsegule ndi kuiumitsa, dzimbiri lisanayambe. Muwauze zoona kuti inalowa madzi, asayambe ndi kuilumikiza kumagetsi.

Kunyumba

Pa zithunzi 100, mukapeza zabwino 5 mwachita bwino. Fufutani zotsalazo mopanda chisoni. Zimene mwasankha zikonzeni pang'ono m'foni momwemo: wonjezerani kufunda kwa mitundu kuti kufiira kubwerere, chepetsani kubiriwira, kwezani kusiyana kwa kuwala ndi mdima kuti chifunga chichepe, dulani m'mbali kuti nsomba idzaze chithunzi. Musapitirire muyezo mpaka mbuna kuoneka ngati yapentedwa. Potumiza pa WhatsApp, sankhani HD kapena mutumize ngati document, chifukwa mukangotumiza wamba chithunzi chimafinyidwa, ndipo mizere ya nsomba imene munaidikirira theka la ola imasungunuka. Zimadya bandulo, inde, koma muzitumiza zisanu zokhazo.

Kathumba katsukeni ndi madzi oyera opanda sopo wamphamvu, kaume pamthunzi kali kotsegula, ndipo mukasunge kosapinda, kutali ndi dzuwa ndi makiyi. Kanga koyamba kanayenda nane maulendo anayi. Pokonzekera wachisanu, tishu inatuluka m'ndowa ili ndi kadontho pakona. Pano kamasunga mabuku a kusikelo a ana, kuti asanyowe ndi mvula ya Mzuzu popita kuchipatala.